Mwera Ukaomba, Utsiwo Udzapita kwa Yani?

Mafumu athu, mashehe ndi azibusa, makhansala, amayi ndi abambo a m'makomiti a m'madoko, aphunzitsi ndi ana asukulu, ndikudziwa kuti ena mwasiya maukonde padzuwa, ena mwasiya mabenchi kumsika m'manja mwa ana. Ndiyesetsa kuti nthawi yanu isapite pachabe.

Munthu ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa likulowa, n'kuponya maso tsidya lino ndi tsidya ilo la Shire, umaona utsi utayala pamwamba pa midzi ngati nkhungu. Mlendo amaganiza kuti ndi amayi akuphika nsima ya madzulo. Ife eni ake timadziwa kuti wina ndi wa nsima inde, koma wambiri ndi wa kudzala. Timaudziwa ndi mphuno. Utsi wa nkhuni sutsamwitsa chotere, suwawa pakhosi chotere. Umenewo ndi utsi wa majumbo, mabotolo, matewera a ana, masaka ong'ambika ndi maukonde otha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo oposa 53,000 mwa iwo ali m'tauni momwe muno. Aliyense amataya kanthu tsiku lililonse. Zinyalala zatichulukira, ndipo palibe amene angatsutse.

Paliponse pamene zinyalala zachuluka chonchi, sipachedwa kufika anthu ogulitsa mankhwala a vutoli. Amabwera ndi zithunzi zokongola za fakitale yoyera ya chumuni chachitali. Amati tipatseni malo, tipatseni zinyalala zanu zonse, tizizitentha m'ng'anjo yaikulu, moto wake uziwiritsa madzi, nthunzi yake izizunguza makina, inu muzilandira magetsi. Mtaya utha, ntchentche zitha, achinyamata apeza ntchito. Makhonsolo ambiri a mu Africa muno amva kale mawu otere, ndipo tauni yomwe ikukula ngati yathuyi, yokhala ndi mahotela m'mbali mwa nyanja kuyambira kuno mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, iyenera kukhala ndi yankho m'kamwa alendowo asanagogode. Lero ndabwera kudzanena chifukwa chake anthu a m'madera ambiri adakana ng'anjo zotere, ndi chifukwa chake ine ndili mbali yawo. Koma ndinenanso mawu ena amene mwina sakukomerani.

Ndiyambe ndi ku Joni, poti palibe mudzi kuno umene ulibe mwana kumeneko. Amene mudagwirako ntchito m'minda ya mphesa ku Western Cape mukuidziwa tauni ya Wellington, pafupi ndi Paarl. Khonsolo ya kumeneko, ya Drakenstein, idagwirizana ndi kampani ya Interwaste zomanga ng'anjo yotentha zinyalala n'kumapanga magetsi. Anthu wamba a m'tauniyo adakana. Adapanga gulu lawo lotchedwa Wellington Association Against the Incinerator, adawerenga zikalata za mgwirizanowo tsamba ndi tsamba, adafunsa momwe kampaniyo idasankhidwira, mabungwe ngati groundWork n'kuwathandiza. Nkhondoyo idatenga zaka, ndipo mu 2018 khonsolo idasiya ntchitoyo. Sadatenthe ofesi, sadagende galimoto. Adapambana chifukwa adadziwa nkhaniyo kuposa amene ankafuna kuwagulitsa.

Ku Italy, m'tauni ya Capannori, amene adayambitsa zokana anali mphunzitsi wa pulayimale, Rossano Ercolini. Ku Baltimore, ku America, anali mtsikana wa sekondale, Destiny Watford, atamva kuti ng'anjo yaikulu imangidwa pafupi ndi sukulu yake. Ndatchula awiriwa chifukwa cha aphunzitsi ndi ana asukulu amene muli muno.

Kodi anthuwa ankaopa chiyani? Apa ndikhalitsepo, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepa.

Moto suthetsa chinthu. Umangochisandutsa utsi ndi phulusa. Amayi amene mumawamba nsomba mukudziwa kuti chimene mwasonkhezera ndi chimene nsomba imanunkhira. Zinyalala za masiku ano zikamapsa, makamaka mapulasitiki ena monga a mapaipi a madzi ndi zokutira nthambo zamagetsi, mumatuluka poizoni wotchedwa dioxin. Saoneka, sanunkha, ndipo sapha lero kapena mawa. Amatera pa dothi, pa udzu ndi pamadzi. Nkhuku ikamapalasa imamudya, mbuzi imamudya ndi msipu, nsomba imamumeza ndi tizilombo ta m'madzi. Akalowa m'thupi amakakhala m'mafuta, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lokha la poizoniyu lichoke m'thupi la munthu. Limatinso dioxin wochuluka amene anthu ali naye, woposa magawo 90 pa 100 aliwonse, amalowa kudzera m'chakudya, makamaka nyama, mkaka ndi nsomba. Amayambitsa khansa, amasokoneza ubereki, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amene amavulala kwambiri ndi mwana amene ali m'mimba ndi amene akuyamwa. N'chifukwa chake mayiko adamuika pa mndandanda wa ziphe zofunika kuthetsedwa m'pangano la ku Stockholm la 2001, limene dziko lathu lidalowamo.

Eni ng'anjo adzakuuzani kuti makina a masiku ano amagwira poizoniyu asanatuluke. Sanama kwenikweni, ndipo ndikufuna ndiwachitire chilungamo. Malamulo a ku Ulaya amati mpweya wa m'ng'anjo uzitentha madigiri 850 kwa masekondi awiri osachepera, kenako uziziritsidwe msanga, udutse mu laimu, m'makala apadera ndi m'masefa ansalu usanafike kuchumuni. Zonsezi zikamayenda bwino usana ndi usiku, utsi umatuluka wochepa poizoni ndithu. Koma tamverani mawu amenewo, usana ndi usiku. Masefa amatha, ndipo ogula ake ndi a ndalama zakunja. Makala apaderawo ndi oitanitsa kunja. Moto ukazirala amaukolezera ndi dizilo. Ife taona mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, taona mankhwala akusowa chifukwa ndalama zakunja zavuta, taona mdima umene udatigwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Tsiku limene sefa idzang'ambike ndipo yatsopano ili padoko ku Beira kudikira ndalama, kodi ng'anjo adzaizimitsa? Zinyalala zikubwerabe pageti, ngongole ikudikira kubanki. Adzatenthabe. Ndipo chumuni chidzaoneka chimodzimodzi ngati dzulo, poti dioxin alibe mtundu. Malabotale otha kumuyeza ndi ochepa mu Africa yense, ndipo kuyeza kamodzi kokha n'kokwera mtengo. Ndani adzayeza mazira a kwa Mponda? Kangati pachaka? Adzalipira ndani?

Musaganize kuti ndikunyoza dziko lathu. Mzinda wa Lausanne uli ku Switzerland, dziko la ndalama ndi ukhondo. Kumeneko kudali ng'anjo ya zinyalala imene idagwira ntchito kuyambira 1958 mpaka 2005. Mu 2021, patatha zaka 16 chitsekereni, adatulukira kuti dothi la mbali yaikulu ya mzindawo lili ndi dioxin, ndipo anthu a m'madera okhudzidwa adauzidwa kuti asamadye mazira a nkhuku zawo ndi mbewu zina za m'madimba mwawo. Ana adabadwa, adakula, adakwatira akudya za m'dothi limenelo, osadziwa. Ngati zidabisika kwa anthu okhala ndi malabotale pakhomo, kuli bwanji kwa ife?

Tsopano tiyang'ane mphepo zathu. Msodzi aliyense muno amazidziwa kuposa ine. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kumaomba mwera kuchokera kummwera, ndipo utsi wa chumuni chomangidwa pafupi ndi tauni ino ungalowere kunyanja, kudutsa Mpondasi, Namiasi, Makawa. Mpoto ukabwera ungaukankhire ku Malombe ndi kwa Chimwala. Vuma ndi zambwe zili ndi njira zawonso. Nanga m'madoko athu muli chiyani? Muli mathandala a usipa, utaka ndi kambuzi, nsomba zoyanikidwa poyera, kumwamba kuli pululu. Nsomba imeneyo mawa ili ku Limbe, mkuja ili ku Lilongwe ndi ku Mulanje. Mbiri itangomveka kuti usipa wa ku Mangochi uli ndi poizoni, kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, amene adzalire ndi mayi wogula nsomba padoko amene amalipirira ana fizi ndi beseni lake.

Nyanja yathunso ili ndi khalidwe limene anthu ambiri salidziwa. Mitsinje yothiramo ndi yambiri, koma wotulutsa ndi umodzi, Shire yemweyu. Madzi ochuluka amachoka m'nyanjamo ngati nthunzi, ndipo nthunzi imanyamula madzi okha, zoipa n'kuzisiya. Choncho chimene chalowa m'nyanja chimakhalamo zaka zoposa zana. Madzi akatayika saoleka, adatero akuluakulu, ndipo poizoni akalowa m'nyanja muno palibe sefa imene ingamuchotse. Kenako pali phulusa. Matani 100 a zinyalala akapsa, pamatsala matani 20 kapena kuposerapo a phulusa, ndipo lija logwidwa m'masefa ndiye loopsa koposa, lodzaza ndi mtovu ndi ziphe zina za m'mabatire ndi m'zipangizo zamagetsi. Liyenera kukwiriridwa m'dzenje lotchingidwa bwino kuti madzi asalowe. Ife tidaona mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, malo amene anthu ankati madzi sangafike. Kuno mchenga ndi wambiri ndipo madzi apansi ali pafupi. Munthu wonena kuti ng'anjo ithetsa mtaya afunsidwe kuti phulusa lake adzalitaya m'mudzi mwa yani.

Palinso chifukwa china, chimene sichikhudza n'komwe za matenda. Zinyalala zathu sizipsa bwino. Pitani kumsika wa pa boma kapena wa ku Monkey Bay nthawi ya mango mukaone mulu umene osesa aunjika. Muli makoko a mango ndi a nthochi, masamba ofota, matimati oola, mamba ndi matumbo a nsomba, zitsononkho, phulusa la mbaula ndi mchenga wosesedwa pabwalo. Banki Yaikulu Padziko Lonse idapeza kuti m'mayiko osauka zinyalala zoposa theka ndi zotsala za chakudya ndi zomera. Zimenezi ndi madzi okhaokha. Ng'anjo zija adazipangira mayiko amene zinyalala zawo ndi mapepala, makatoni ndi mapulasitiki ouma. Anzathu a ku Addis Ababa adaziona. Mu Malichi 2017 phiri la zinyalala la Koshe lidagumuka n'kupha anthu oposa 110, ndipo mu Ogasiti 2018 boma lidatsegula pambali pake fakitale ya Reppie, yoti izitentha matani 1,400 patsiku. Dziko lonse lidaombera m'manja. Sipadapite nthawi idaima, ndipo itayambanso idavutika kufika pa mlingo umene adalonjeza. Chimodzi mwa zovuta chidali chomwechi, zinyalala zonyowa zosakanikirana ndi dothi. Umenewo ndi mzinda wa anthu mamiliyoni. Nanga tauni ya anthu 53,000 ingaikhutitse bwanji ng'anjo?

Ng'anjo ndi chilombo chanjala. Ikamangidwa imafuna kudya tsiku lililonse kwa zaka 20 kapena 30, kufikira ngongole yake itatha. N'chifukwa chake m'migwirizano yambiri mumakhala mawu akuti khonsolo izibweretsa matani akutiakuti, ndipo ikalephera izilipira ndithu. Dziko la Sweden limachita kuitanitsa zinyalala kuchokera kumayiko ena kuti ng'anjo zake zisazime. Mzinda wa Harrisburg ku America udafika popempha khoti mu 2011 kuti liulengeze kuti wagwa, ngongole ya ng'anjo yake itapitirira madola 300 miliyoni. Taganizani khonsolo yathu, imene imadalira ziphaso za kumsika ndi misonkho ya malo, itasenza goli lotere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo zinthu zokhazo zimene zimayaka bwino, mabotolo ndi makatoni, ndi zomwe anyamata athu amatola n'kugulitsa, zomwe amayi amathiramo thobwa ndi mafuta ophikira. Ng'anjo ingayambe yawalanda iwowo chakudya.

Koma mawu akuti anthu akana ndi ofunika kuwasamala, ndipo ife a kuno tili ndi phunziro lathulathu. Mukukumbuka nkhani ya phiri la Nkhudzi. Bungwe la Southern Region Water Board, ndi ngongole yochokera ku Kuwait, lidafuna kupopa madzi pa Nkhudzi Bay n'kumanga thanki paphiripo kuti anthu oposa 90,000 a m'mbali mwa nyanja amwe madzi a m'mipope. Phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO idaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984. Mabungwe oteteza chilengedwe, kuphatikizapo CEPA, adapita kukhoti kuti ntchitoyo iime. Anthu ambiri a m'midzi, otopa ndi kumwa madzi a m'nyanja ndi kuopa ng'ona, adakwiya ndi mabungwewo. Zonsezi zinkachitika cha mu 2021 ndi 2022, ndipo mu 2022 momwemo kudabuka kolera imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ntchitoyo idapitirira.

Ine sindidabwere kudzagamula mlandu umenewo. Amene ankafuna madzi anali ndi chifukwa, amene ankateteza phiri analinso ndi chifukwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu awiri okonda nyanja imodzi adayang'anana ngati adani, chifukwa kukambirana kwenikweni kudabwera mochedwa, mapulani atajambulidwa kale, ndalama zitasainidwa kale. Pamenepo mfumu imangotsala ndi mawu awiri, kuvomera kapena kutchedwa mdani wa chitukuko. Ku Mzuzu kudachitika zina. Malo otayira zinyalala a ku Msilo adamangidwa ndi chithandizo cha mayiko a ku Ulaya, ndi malonjezo akuti zinyalala zizisamalidwa mwamakono. Galimoto zitayamba kukhuthula, ntchentche ndi fungo zidalowa m'nyumba za anthu, mpaka eni mudzi adadzuka n'kutseka malowo. Anthu aja sadakane chifukwa cha umbuli. Adakana chifukwa ntchentche zinkatera pa nsima yawo, pamene amene adalonjeza ankadya kutali.

N'chifukwa chake ndikupemphani, mafumu athu, kuti mufunse msanga, dothi lisanakumbidwe. Lamulo lili mbali yanu. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osawononga thanzi, ndipo limamupatsa mphamvu yopita kukhoti kukauteteza. Lidakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo ntchito yaikulu ngati ng'anjo siyenera kuyamba popanda kafukufuku woona momwe idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, kafukufuku amene eni dera ayenera kufunsidwa maganizo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, kotero mgwirizano wa khonsolo ndi kampani si chinsinsi cha mu ofesi. Lipoti likabwera la masamba mazana m'Chingerezi, nenani kuti alifotokoze m'Chiyao ndi m'Chichewa, pabwalo, amayi alipo, osati m'chipinda cha hotela momwe aitana anthu khumi n'kuwapatsa Fanta ndi ndalama ya thiransipoti. Pepala limene mumasaina polandira ndalama imeneyo, mawa limasanduka umboni wakuti mudzi wonse udavomera. Safunsa adadya phula. Ndipo mukakana, musakane ponena kuti akamange kwa Nankumba kapena kwa Chowe. Kumeneko kulinso ana, ndipo mphepo sidziwa malire a mfumu.

Tsopano mawu aja ndidati sakukomerani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tingakane bwanji chumuni chimodzi chachitali, pamene tokha tikuyatsa ng'anjo zikwizikwi madzulo aliwonse? Moto wa kudzala ndi woipa kuposa ng'anjo ya fakitale, mukayerekeza mulu ndi mulu wofanana. Ndi moto wozizira, wonyeka pang'onopang'ono, wopanda sefa, ndipo m'moto wotere ndi momwe dioxin amabadwira bwino. Utsi wake sukwera kumwamba, umayenda pa msinkhu wa mwana. Phulusa lake nkhuku zimapalasa m'mawa. Ku Accra, pamalo otchedwa Agbogbloshie pamene anthu ankatentha nthambo ndi zipangizo zamagetsi poyera, akatswiri atayeza mazira a nkhuku zoyendayenda adalengeza mu 2019 kuti adapeza dioxin wochuluka moopsa. Ine ndidakulira pakhomo pamene makala akanyowa tinkakolezera mbaula ndi jumbo. Mayi anga ankawerama n'kumauzira, mwana ali kumsana, pulasitiki ikudontha moto. Palibe adawauza kuti akupuma chiyani, ndipo ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Lero lomwe m'mawa, m'makomo ambiri a m'tauni ino, mbaula yayaka chimodzimodzi. Ena amaphimba mphika wa nsima kapena wa mbatata ndi jumbo kuti zipse msanga.

Sindikudzudzula amayi. Munthu amatentha zinyalala chifukwa palibe amabwera kudzazitenga, ndipo akazisiya zimaitana ntchentche ndi makoswe. Koma ngati kukana kwathu kuli kwa chilungamo, kuyambire pamenepa, ndipo khonsolo imve kuti tikufuna galimoto kapena ngolo yotola zinyalala ndi mtima womwewo umene tingakanire ng'anjo.

Pali zinyalala za mtundu umodzi zimene ndikuvomereza kuti ziyenera kuwonongedwa ndi kutentha kwakukulu. Ndi za kuchipatala: masingano, thonje la magazi, mabandeji, magolovesi. Zimenezi sizingapite kumtaya kumene ana amatola zoseweretsa. Zipatala zathu zambiri zili ndi ting'anjo ta njerwa kuseri, ndipo kang'anjo kotere kakamangidwa bwino, n'kutenthetsedwa kaye kasanaikidwe zinyalala, kamathandiza. Koma ndidadikirirapo m'bale wanga pa chipatala china chaching'ono, ndipo ndidaona ndi maso anga. Kang'anjo kadali kong'aluka, chitseko chake chitagwa, chumuni chitadyeka ndi dzimbiri. Bambo wotentha zinyalala analibe chotseka kukamwa. Utsi wakuda unkalowa molunjika m'khitchini momwe ife odikirira odwala tinkaphikira phala, ndipo m'phulusa, pambali, munali masingano osapsa. Amene muli m'makomiti a zipatala, nkhani ya ng'anjo yomwe ili pakhomo panu lero ndi imeneyi. Njerwa, chitseko chachitsulo, mpanda, dzenje la phulusa lotsekedwa, ndi kuphunzitsa munthu mmodzi ameneyo, mtengo wake sungafanane n'komwe ndi wa fakitale.

Zotsalazo, zambiri mwa izo, ndi chuma chimene tikutaya. Ngati theka la mulu wa kumsika ndi zoola, ndiye kuti theka la vuto lathu ndi manyowa. Thumba la feteleza mukudziwa nokha pamene lafika. Alimi ambiri aphunzira kale kupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa la nkhuni ndi feteleza pang'ono. Dothi la mchenga la kuno limamva ludzu la manyowa kuposa la kwina kulikonse. Chimene chimaononga ndi kusakaniza. Khoko la nthochi likagona ndi batire, botolo losweka ndi thewera, lasanduka chinthu chopanda ntchito. Likapatulidwa pomwe latayidwa, pabenchi pa wogulitsa, limakhala chakudya cha munda. Anthu a ku Capannori aja atakana ng'anjo sadakhale pansi. Adayamba kutolera zinyalala khomo ndi khomo zitapatulidwa kale, ndipo lero zimene amakataya ndi gawo laling'ono chabe.

Za majumbo, lamulo lilipo kale. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60, mu 2015. Makampani opanga adathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chikhale. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene adalimbana nawo pa nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba, adalandira mphoto ya Goldman mu 2021. Komabe makampani adapitiriza kubwerera kukhoti, ndipo majumbo aja akadali m'misika yathu, m'mitengo ya minga, m'maukonde a chilimira, ndi mu Shire momwe amatsetsereka limodzi ndi namasupuni kukatseka makina a magetsi ku Nkula. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu ndi chikwama cha mlaza, ndipo oluka ake akadalipo m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay.

Ena adzati anthu a kunyanja samva, sangasinthe. Ine ndikukana. Chambo chitatha mu Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makomiti a m'madoko adayambira komweko mu 1993, asodzi ndi mafumu kugwirizana za kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Sizidayende bwino paliponse, mukudziwa inu, koma mwambo wokhala pansi n'kuikirana malamulo pa chinthu cha tonse tili nawo. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, anthu a Mfumu Makanjira ya kumeneko akhala akutseka ndi kutsegula usodzi mwa okha kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zawo zimachitira umboni. Komiti imene ingalande ukonde wa udzudzu padoko ingathenso kunena kuti pano sitiotcha pulasitiki pafupi ndi thandala. Shehe amene amaphunzitsa za ukhondo tsiku Lachisanu, ndi m'busa amene amalalikira Loweruka kapena Lamulungu, angathe kutchula mbaula ndi jumbo, ndipo amayi adzamva.

Mvula isanagwe chaka chino, ndikupempha komiti iliyonse imene ili muno ichite ulendo umodzi wapansi. Muyambire padoko panu, muone pamene maukonde otha ndi mabotolo amatenthedwera, muyeze mapazi angati kuchoka pamenepo kufika pa thandala loyamba. Mupite kuseri kwa msika. Mukathere kuseri kwa chipatala chanu, mukapemphe mwaulemu kuti akuonetseni kang'anjo ndi dzenje la phulusa, ndipo mukacheze ndi bambo amene amatentha zinyalalayo, mumufunse chimene akusowa. Zimene mukaone mukazilembe, mukazitule ku komiti ya chitukuko ya dera lanu ndi kwa khansala, tsiku ndi dzina la doko zili pamwamba. Mutenge ana asukulu awiri kapena atatu kuti ndiwo akagwire cholembera.